Mpendero wa Jekete Yobiriwira

Kodi ndani anasokerera kanthu kolimba mumpendero wa jekete ya mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, kutangotsala masiku ochepa kuti mwanayo akwere ndege yekha? Nanga kanthuko kanali chiyani? Owerenga, yesani kulota. Mayi wa mwanayo, munthu amene anakulira pa singano ndi ulusi, analota mmawa wonse wa tsiku la ulendo, ndipo mtima wake sunakhale pansi ngakhale mphindi imodzi.

Anthu a mumsewu wake ankangomuitana kuti a Telala. Shopu yake inali chipinda chakumaso cha nyumba, momwe munali makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi galasi lalitali lobenthuka pakona. Kuseri kunali zipinda ziwiri ndi chitseko chotulukira kumene ankayanika zovala. M'zipindamo ankakhalamo awiri okha, iye ndi mwana wake wamkazi. Mwanayo anabadwa wamng'ono kwambiri moti anamwino anachita nthabwala yoti telala wabereka kabatani, ndipo dzinalo linakanirira mpaka kusukulu.

Bambo ake a Kabatani anachoka zaka zitatu m'mbuyomo kukagwira ntchito ku mzinda wakutali, ulendo wa maola awiri pa ndege, ndipo kumeneko anakwatira mkazi wina. Chaka cha ulendowu anapempha kuti mwana akacheze patchuthi, masabata atatu okha. Telala anakana kawiri. Kachitatu anavomera, osati chifukwa cha bamboyo, koma chifukwa cha aphunzitsi a Kabatani, amene anamuuza kuti mwanayo mayankho amawadziwa, koma akafunsidwa amayamba wayang'ana kukhomo ngati kuti mayi ake alowa kudzamuyankhira. Mawu amenewo anamuwawa chifukwa anali oona. Ankamuperekeza kusukulu tsiku lililonse ndi kukamutenga, ankamumangira zingwe za nsapato, ndipo m'sitolo ankamuyankhira ngakhale moni. Tsiku lina Kabatani atapempha kuti azibwera ndi anzake kuchokera kusukulu ndi kumadzitsegulira yekha chitseko chakuseri, mayi ake anamuuza kuti kiyi adzamugwira akadzamera nzeru. Tsopano, atavomera, anauza mwanayo kuti ulendowu ndi wake: alongedze yekha chikwama, ayankhenso yekha mafunso.

Kupita naye limodzi sikukanatheka. Tikiti inabwera imodzi, ndipo patebulo panali mulu wa mayunifolomu obiriwira a sukulu ina oyenera kutha tchuthi chisanathe. A kampani ya ndege anamufotokozera kuti ana oyenda okha amawanyamula kawirikawiri: kholo limasayina fomu, mwana amaperekedwa m'manja mwa wantchito wawo, ndipo kumene akupitako amamupereka kwa munthu yekhayo amene dzina lake lalembedwa. Zonsezi Telala anazimva, koma mantha ake sanali pa ndege. Anali pa tsiku lobwerera. Tikiti inali yopita ndi kubwera, inde, koma tikiti ndi pepala chabe, ndipo pepala silikoka mwana pamene anthu agwirizana kuti asabwerere.

Amene ankayenda pakati pa nkhani yonseyi anali mlamu wake, mchemwali wa bamboyo, mayi woseka mokweza yemwe ankagwira ntchito yolandira anthu pa kachipatala ka mano. Banja litatha, mlamuyo sanasiye kubwera kushopu; ankabweretsa mabulauzi oduka mabatani ndi nkhani za mumzinda. Iyeyo ndi amene anagulira Kabatani jekete yobiriwira, ati kumene akupitako kumazizira. Telala anailandira ndi mawu othokoza, ndipo mlamuyo atangotuluka anaitembenuza, napapasa matumba ndi misoko yonse monga mwa chizolowezi cha ntchito yake. Tsiku limenelo mujeketemo munalibe kanthu.

Lachisanu mlamuyo anabweretsa tikiti nakhala nthawi yaitali pampando wa pafupi ndi makina, akusewera ndi timabobini ta ulusi. Madzulo ake Telala anapeza kuti kiyi wachiwiri wa chitseko chakuseri, uja womangidwa kansalu kofiira, palibe pamsomali pake. Anasesa nyumba yonse, anakhuthula dengu la zidutswa za nsalu, anasuzumira ngakhale pansi pa makina, koma kiyi osaoneka. Pamenepo maganizo ake anathamangira ku kabokosi ka pansi pa bedi, momwe ankasungamo kalata yobadwira ya Kabatani, buku lake la kuchipatala ndi malipoti a kusukulu. Munthu wofuna kukalembetsa mwana sukulu ina amafuna mapepala amenewo. Anakasamutsa kabokosiko nakakhoma mukabati ya makina. Kwa masiku atatu ankalankhula yekha mokweza kuti amene watenga kiyi ndi mbava, ndipo akadzamudziwa sadzapondanso m'nyumba mwake. Anaitanitsanso mmisiri wa maloko, yemwe analonjeza kudzasintha loko Lachinayi.

Loweruka Kabatani anakagona kwa azakhali ake, monga anapangana kalekale, atavala jekete yatsopano ija. Anabwerako Lamulungu masana ali wofatsa kuposa masiku onse. Jekete sankaivulanso ngakhale kutenthe. Pogona ankaipinda ndi kuitsamira, ndipo mayi ake atati aisite, anayankha kuti siinakwinyike. Telala anayang'ana mwana wake cham'mbali nazindikira kuti akusunga chinsinsi, chinthu chimene anali asanachitepo chibadwire.

Lachiwiri mmawa, tsiku la ulendo, anamuimika pakhomo kuti amukonze kolala. Manja a telala sadutsa pachovala osafufuza, choncho zala zake zinatsika zokha mpaka kumpendero wakumanja, ndipo kumeneko zinagunda kanthu kolimba, kaphwatalala, kokulungidwa m'chinachake chofewa moti maonekedwe ake sankamveka. Anapinda mpenderowo msanga nayang'ana mkati. Msoko wa makina unali utadulidwa kutalika ngati chala, ndipo malowo anasokedwanso pamanja. Ulusi unali wobiriwira, womwe uja wa mayunifolomu a patebulo lake. Masitichi anali okhotakhota, ena aakulu ena aang'ono, ntchito ya munthu wosazolowera singano. Koma chimene chinamuumitsa thupi chinali china. Munthu wamanja akamapendera amayambira kumanja kulowera kumanzere, ndipo masitichi ake amagonera mbali imodzi. Awa ankagonera mbali inayo, ndipo mfundo inali kumapeto kolakwika. Wosokayo anali wamanzere.

M'nyumba mwa Telala munalibe wamanzere. Kabatani ali wakhanda ankakonda kutola supuni ndi dzanja limenelo, magazi a kwa bambo ake, koma mayi ake anamuwongola msanga ndi tepi yoyezera, kathyap pa dzanja nthawi iliyonse, mpaka pofika zaka zisanu ankalemba ndi kudya ndi lamanja ngati anthu onse. Imeneyo inali nkhani yakale, ndipo Telala ankainyadira. Wamanzere amene ankamudziwa, amene anakhala pafupi ndi ulusi wake Lachisanu ndiponso kugona ndi jekete imeneyi m'nyumba mwake Loweruka, anali mmodzi yekha: mlamu wake. Nthawi yomweyo takisi inaliza hutala panja, ndipo mlamu wake anatulutsa mutu pawindo kuwauza kuti ndege siidikira anthu odzikongoletsa. Kabatani anadzisolola m'manja mwa mayi ake, nanyamula chikwama nathamangira kugalimoto.

Njira yonse mlamuyo sanapume pakamwa. Anauza dalaivala kuti mwana wa mchimwene wake akukwera ndege yekha ngati nduna, anapatsa Kabatani maswiti oti azikayamwa makutu akatseka, kenako anati kumene akupitako kuli masukulu okongola, ena okhala ndi dziwe losambiramo. Atamva za masukulu, Telala anamuyang'anitsitsa. Anaona foni ili m'dzanja lamanzere la mlamu wake, chala chikuyenda mofulumira, ndipo anadzifunsa kuti uthengawo ukupita kwa yani ndipo ukunena zotani. Anayesa kutambasula dzanja kuti akhudzenso mpendero uja, koma Kabatani anali atakhala mbali ya kuchitseko, chikwama ali nacho pamiyendo, chigongono chitapanikiza malo enieniwo.

"Mwangoti duu, alamu," anatero mlamuyo. "Akupita kukacheza, sakupita kunkhondo."

"Ndikuganiza za misoko," anayankha Telala.

"Ngakhale lero? Inu mudzasokera anthu ngakhale pamaliro anu."

Dalaivala anaseka. Telala sanaseke, ndipo anaona kuti Kabatani naye sanaseke.

Pabwalo la ndege pansi panali poterera ndi powala, ndipo mawu ochokera m'zimkuzamawu ankamveka ngati munthu wolankhulira mumgolo. Anawalozera ku desiki ya ana oyenda okha, komwe anapeza mtsikana wa yunifolomu ya buluu, wa tsitsi lomangidwa kumbuyo. Mtsikanayo anapereka fomu kwa Telala, koma mafunso anawalunjika kwa mwana. Anawerama namufunsa dzina lake, zaka zake, ndi amene akamuchingamire. Telala anatsegula pakamwa kuti ayankhe, monga mwa masiku onse, koma mtsikanayo anakweza dzanja mwaulemu nati ndi bwino mwana ayankhe yekha, chifukwa m'mwambamo mayi sadzakhalamo.

Kabatani anayang'ana mayi ake kamodzi, kenako anayang'ana mtsikanayo nayankha. Mawu ake anali aang'ono koma osanjenjemera. Anatchula dzina la bambo ake lonse, natchulanso nambala yawo ya foni pamtima, osaphonya. Telala anadzidzimuka. Nambala imeneyo iye sanamuphunzitse. Anangoilemba pakapepala n'kuika m'chikwama. Anatembenukira kwa mlamu wake, yemwe ankamwetulira ngati mphunzitsi amene wophunzira wake wakhoza mayeso.

Atamuveka kachikwama ka mapepala m'khosi, mtsikanayo anafunsa funso lomaliza: kodi pali munthu amene wamupatsa kanthu kalikonse kuti akapereke kumene akupita?

"Palibe," anatero Kabatani. "Zonse ndalongedza ndekha."

Telala ankadziwa mabodza a mwana wake. Anali ochepa, a shuga wonyambita ndi homuweki yosatha, ndipo nthawi zonse ankawanena akukanda khutu. Tsopano manja onse awiri anali atagwira lamba wa chikwama, khutu osalikhudza. Ndiye kuti mwina ankanena zoona, mwina wina anamuphunzitsa kunama mwaluso m'masiku atatu okha. Pakhoma la kumbuyo kwa desiki panali chithunzi chochenjeza anthu kuti asanyamulire ena katundu wosamudziwa, ndipo pachithunzipo panali manja omangidwa unyolo. Mpaka nthawi imeneyo Telala ankaganiza za kalata yachinsinsi, kapena kakhadi ka foni kokhala ndi zithunzi za mapepala aja. Tsopano m'mutu mwake munalowanso zoipa kuposa pamenepo. Anasayina fomu, napempha mphindi zochepa kuti mwana apite kaye kuchimbudzi.

Atalowa anadikira kuti mayi wina amalize kusamba m'manja. Kenako anatsegula chikwama chake natulutsa kasizasi kamene sankayenda opanda iko, nanjuta pamaso pa mwana wake. Kabatani anakaona kasizasiko ndipo anafumbata mpendero ndi manja onse awiri.

"Amayi, musadule."

"Muli chiyani umu?"

"Ndi changa."

"Akupatsa ndi azakhali ako?"

"Palibe wandipatsa."

"Nanga wasoka ndani?"

Pamenepo mwanayo anaufumbata mwamphamvu mpendero uja. Telala anamunyengerera, namulonjeza kuti sadzamukalipira, namuuzanso kuti pali anthu oseka bwino amene mitima yawo ndi ina. Anamukumbutsa chithunzi cha manja omangidwa chija, nati kutsogoloku kuli makina oona chilichonse, ndipo makinawo akalira iye sadzaloledwa kulowa kuti akamuthandize. Anamuuzanso, mawu akutsika, kuti akhoza kungobwerera kunyumba nthawi yomweyo, ulendo n'kuthera pomwepo. Manja a Kabatani sanamasuke.

"Munanena kuti ulendo uno ndi wanga," anatero. "Munati chikwama ndilongedze ndekha, mafunso ndiyankhe ndekha. Mukadula apa ndiye kuti munangonena."

Telala anali asanamvepo mawu ambiri chotere akutuluka nthawi imodzi m'kamwa mwa mwana wake. Anakweza maso nadziona m'galasi la pamwamba pa masinki: mayi wamkulu atanjuta pansi, sizasi italoza pamimba pa mwana. Pakhomo panaima mayi wokolopa, atatsamira chokolopera chake, akuwayang'ana mosabisa. Kudula kukanatenga kanthawi kochepa zedi. Anali atadula misoko yosawerengeka pamoyo wake. Koma ankadziwa kuti akadula, mwana amene atatuluke muno akhala yemwe uja woyang'ana kukhomo. Anabweza kasizasi m'chikwama. Sikuti kukayika kunatha ayi. Anangodziuza kuti makina aja akanena zoona m'malo mwake, ndipo akalira, iye adzakhala pafupi ndi khoma la galasi loonera makinawo, mlamu wake ali m'manja mwake, ndipo adzamukokera yekha kwa achitetezo.

Anamumangira chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke n'komwe, natuluka.

Pamzere wachikasu wolembedwa pansi ndi pamene operekeza ankathera. Mlamuyo anakumbatira Kabatani mwaphokoso, namutuma kuti akauze bambo ake kuti achepetse mimba. Telala anangomugwira mapewa namuuza kuti azikavala masokosi. Mtsikana wa yunifolomu anatambasula dzanja kuti amugwire, koma Kabatani anati ayenda yekha, ndipo anatsogola, kachikwama ka mapepala kakugunda pachifuwa. Telala anasendera ku khoma la galasi, ndipo posendera anagwira lamba wa chikwama cha mlamu wake naukulunga padzanja. Mlamuyo anaganiza kuti ndi chisoni, ndipo anamusisita pamsana.

Telala anaona mwana wake akuika chikwama m'beseni la pulasitiki. Anamuona akulowa pa chipata cha makina. Kanyali kofiira kanayaka, ndipo ngakhale kunja kwa galasi kulira kwake kunamveka. Mayi wachitetezo anaimitsa Kabatani pambali, nayendetsa kachipangizo kake pathupi lake mpaka kanalira pampendero wakumanja. Anafunsa kanthu. Kabatani sanayang'ane kumbuyo. Anavula jekete yekha, naipereka, nayamba kulankhula, akuloza ndi chala. Wachitetezoyo anatenga kanthu patebulo nawerama pa jeketeyo, ndipo nthawi yomweyo bambo wina wonenepa, wonyamula chikwama chachikulu kumsana, anaima pakati penipeni kumanga lamba wake. Telala anasunthira kumanja, akukoka mlamu wake, koma kumeneko kunali chipilala. Pamene bamboyo ankachoka, zonse zinali zitatha. Wachitetezo uja ankapukusa mutu akumwetulira, ndipo Kabatani anali atakoleka jekete pamkono, dzanja limodzi litafumbata kanthu. Anatembenuka kamodzi asanakhote, nakweza chibakera chakecho m'mwamba, nazimiririka.

Lamulo la kampani linali loti woperekeza mwana asachoke mpaka ndege itanyamuka. Telala ndi mlamu wake anakhala pa benchi yachitsulo moyang'anizana ndi wotchi yaikulu. Kanthuko sikanali koletsedwa, zimenezo zinaoneka, koma kalata yachinsinsi siiletsedwa, kakhadi ka foni sikaletsedwanso. Ndipo kameneko tsopano kanali paulendo pamodzi ndi mwana wake. Lamba wa chikwama uja anali adakali padzanja la Telala.

"Alamu, tandiuzani zoona," anatero. "Mwasokerera chiyani mujekete muja?"

Mlamuyo anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya Telala kuseka kunatha.

"Ine kusoka? Si inu amene mumandisokera ngakhale batani la bulauzi?"

Telala anayankha kuti n'chifukwa chake masitichi anali okhota. Kenako anayala zonse mwandondomeko, ngati mmene amayalira nsalu patebulo asanadule: ulusi wa mayunifolomu, msoko wogonera kolakwika, mfundo ya wamanzere, kiyi wosowa tsiku lomwe iye anabwera, usiku wa Loweruka, nambala ya foni, ndi masukulu a dziwe losambiramo. Anamaliza ndi kunena kuti ngati agwirizana ndi mchimwene wawo zoti mwana asabwerere, amuuze pompo, ndege isananyamuke.

Mlamuyo atayamba kuyankha, mawu ake anali otsika, chinthu chachilendo kwa iye. Anati Lachisanu sanatenge kanthu m'shopu, kupatula fumbi la nsalu pa siketi yake. Anati nambala ya foni anaipempha ndi Kabatani mwini, nailoweza akuzungulira tebulo, ati kuti akasochera asakalire. Anati Loweruka masana mwanayo anadzitsekera kuchipinda ola lathunthu, ponena kuti akuwerenga, ndipo iye sanamusokoneze. Za masukulu anati anangolankhula, monga amalankhulira zonse.

"Mchimwene wanga ndi wopusa pa zambiri, koma kuba mwana ayi," anatero. "Ndipo mwana ameneyu akapanda kubwera, ine Loweruka ndizicheza ndi yani? Ndi inu, nkhope yotereyi?"

Anatembenukira kumbali napukuta m'maso ndi dzanja lamanzere. Telala anayang'ana dzanjalo. Ankafuna kukhulupirira, koma ankadziwa kuti misozi aliyense ali nayo, pamene msoko sunama. Lamba sanamutaye. Anakhala choncho awiriwo, omangidwa pa chikwama chimodzi, osayang'anana, muvi wa wotchi ukuyenda ngati wodwala. Kunja kwa mawindo aatali ndege ina inathamanga nikwera m'mwamba, ndipo Telala sanadziwe ngati ndi yomweyo.

Patapita nthawi mtsikana wa yunifolomu uja anatulukira, atanyamula pepala la fomu ija. Anati ndege yanyamuka bwino, mwana wakhala pawindo, ndipo anzake a m'ndegemo amulandira. Anati pa ana onse amene waperekeza mwezi umenewo, uyu yekha ndi amene anadzifunsira kuti akatera nthawi yanji ndiponso kuti chimbudzi cha m'ndege chili mbali iti. Anapereka pepalalo kwa Telala, nawonjezera kuti mwanayo wamutuma mawu.

"Akuti mmisiri uja asabwere Lachinayi. Akuti mukasintha loko, iye akabwera adzalowa bwanji inu muli ndi makasitomala."

Mtsikanayo anafotokoza kuti achitetezo atadula mpendero, mwanayo anayankha mafunso onse yekha, osalira. Anangowapempha kuti asauze mayi ake ndege isananyamuke, chifukwa kunyumba kwanenedwa kuti wotenga kanthuko ndi mbava ndipo sadzapondanso m'nyumba. Pamalo odikirira anapempha singano, ndipo mtsikanayo anamubwereka yake yosokera mabatani a yunifolomu. Anati anamujambula, mwanayo atavomera, kuti mayi ake adzaone okha. Anatulutsa foni naitembenuzira kwa iwo.

Pachithunzipo panali mpando waukulu wa pabwalo la ndege, ndipo pampandopo kamwana kataweramira jekete yobiriwira, lilime lili pakati pa mano, monga mmene Telala mwini amachitira akamalowetsa ulusi. Pabondo pake panali kansalu kofiira. Telala anayang'ana dzanja logwira singano, nayang'ananso, ndipo lamba wa chikwama cha mlamu wake anamasuka yekha n'kugwera pabenchi.

Amene anasoka mpendero uja anali Kabatani mwini wake, ndi dzanja lamanzere, ndipo kanthu kolimba kaja kanali kiyi wa chitseko chakuseri.